Akanapambana Ndani, Bambo Kapena Mwana?

Amuna anga anandisiyira funso. Ndinabwera nalo kuchokera ku Joni pamodzi ndi bokosi lawo, ndipo ndinakhala nalo miyezi yambiri ndisanalifikitse kwa mwini wake. Linali lopita kwa apongozi anga, bambo awo owabereka, ndipo linali lotere: "Inu pa unyamata wanu ndi ine pa unyamata wanga, tikanakumana pa nkhonya, akanapambana ndani?"

Wina akhoza kuseka. Inenso nditalimva koyamba ndinkayesa kuti ndi matenda akuwayankhulitsa. Koma ndinakhala nawo anthu awiriwa, ndipo ndikudziwa kuti silinali funso lamasewera.

Amuna angawo dzina lawo anali a Filipo, a kwa Dzoole ku Dowa. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri, koma ananditenga chitengwa, ndiye ndinkakhala pamudzi pawo. Anali munthu wamkulu thupi, woti polowa m'nyumba ankawerama n'kupendekanso. Bambo awo, a Mbewe, akuti nawonso anali otero. Anagwirako ntchito ku migodi kalekale ife tisanabadwe, ndipo Lamulungu masana ankamenya nkhonya pa bwalo la komboni, m'gulu la anthu olemera kwambiri. Anzawo amene anali nawo ankati panalibe wowagwetsa. Anabwerako ndi chifuwa chosatha, mphuno yophwatalala, ndi nkhani za ankhonya akuluakulu a kunja amene ankawamvera pa wailesi ndi kuwaonera pa kanema wa pachinsalu.

Mwana wawo anamuphunzitsira m'chigafa, thumba la mchenga litamangidwa pa mtanda woyanikapo fodya. Kumuyamikira ayi. Ankati, "Thupi lilipo, koma ndiwe wachifundo. Munthu wachifundo azikalima." Mawuwa anandiuza a Filipo okha, akuseka, koma kuseka kwa pakamwa pokha.

Fodya atatikana zaka zotsatizana, a Filipo anatsogola ku Joni. Ine ndinawatsatira, mwana wathu Tadala atangosiya kuyamwa. Ndinamusiya kwa mayi anga ku Ntchisi. Ndinanyamuka iye akusewera ndi zitsononkho kuseri kwa nkhokwe, chifukwa mayi anati ndisatsanzike, angalire. Za ulendowo chimene ndimakumbukira ndi kutentha kwa ku Tete ndi miyendo yanga imene inatupa mpaka nsapato ndinazinyamula m'manja.

Tinkakhala m'galaja kuseri kwa nyumba ya eni ake, yogawidwa pakati ndi chinsalu. Mbali inayo kunkakhala a Yasini, a ku Mangochi, telala. Makina awo ankalira kuyambira m'mawa, ndipo iwo eni ankalongolola kuposa makinawo. Nthawi yozizira kumeneko madzi ankaundana m'ndowa panja. Tinkaika kambaula kamagetsi pansi pa chinsalu chija kuti katenthetse mbali zonse ziwiri, ndipo a Yasini ankakakoka ndi phazi pang'onopang'ono, akuyesa kuti sitikuona.

A Filipo anayamba ndi ulonda pa sitolo. Kumeneko anawaona bambo wina amene anali ndi jimu yophunzitsira ankhonya, n'kuwatenga. Pambuyo pake anandipezera inenso malo pomwepo, kukolopa, kuchapa matawulo, kutsuka timapulasitiki tija amaluma poteteza mano. Ndiye ntchito ya amuna anga ndinkaiona ndi maso angawa, tsiku ndi tsiku.

Kunyumba anthu ankati a Filipo ndi wankhonya ku Joni. Zinali zoona, koma osati mmene ankaganizira. Ntchito yawo inali yokonzekeretsa ena. Katswiri akakhala ndi nkhonya yaikulu kutsogolo, ankafuna munthu wolemera woti aziyeserapo, ndipo munthuyo ankayenera kumenya mofanana ndi mdani amene katswiriyo akakumane naye. Mphunzitsi ankawapatsa foni n'kuti, "Onera uyu. Mwezi uno ndiwe ameneyu." Mwezi wina ankakhala wamanzere. Mwezi wina ankakhala wamfupi wolowa ndi mutu, ndiye ankayenda chowerama tsiku lonse mpaka msana kuwawa. Mwezi wina wamtali wothawathawa. Lamulo linali limodzi: ugunde, usamenye. Katswiri akavulala, nkhonya yaikulu ija yafa. Koma katswiriyo ankaloledwa kumenya ndi mphamvu zake zonse, poti ndiye akuphunzira.

Pa jimupo ankawakonda pa zifukwa ziwiri. Ankatha kutengera kamenyedwe ka munthu aliyense atangomuonera pang'ono. Ndiponso sankagwa. Anyamata ena ankabwera n'kutha sabata imodzi, kenako osaonekanso. A Filipo anakhala zaka. Magazi amene ndinkakolopa pansi pa zingwe paja nthawi zambiri anali awo. Ndinkakolopa ngati a munthu wina aliyense, chifukwa ndikanayamba kusiyanitsa, ntchitoyo sindikanaitha.

Zimene tinkapeza tinkatumiza kwa matransipota aja amanyamula katundu: mabulangete, nsapato za Tadala zongoyerekeza kukula kwake, ndi ndalama ya feteleza ya mbali zonse ziwiri. Nyumba ya apongozi inafoleredwa ndi malata. Ife kubwera kudzacheza sitinkabwera. Mapepala athu sanali bwino, ndipo ukatuluka sumadziwa ngati udzalowanso.

Lamulungu tikachoka ku Misa, a Yasini ankakankhira makina kukhoma, chinsalu n'kuchipinda m'mwamba. Pankabweranso anyamata ena a kwathu kuno. Masewera ake anali amodzi omwewo. A Yasini ankatchula wankhonya wakale ndi wankhonya wa masiku ano, anthu oti sanakumanepo, mwina wina anamwalira mnzakeyo asanabadwe. Ndiye a Filipo ankaimirira pakati n'kukhala onse awiri. Mayina awo ine sindinawasunge, ndi achizungu, ena ovuta. Ndinkawadziwa ndi miyendo. Akayamba kudumphadumpha ndi zala za kuphazi ndinkadziwa kuti ndi wakale wamtali uja. Akabisa chibwano m'magolovesi n'kumagwedeza mutu, ndi wamfupi uja. Ankaponya chibakera ali uyu, n'kulumphira mbali inayo kukachilandira ali winayo, n'kudzandira mpaka kugwera pa bedi. Anthu ankaseka mpaka eni nyumba kugogoda pa zenera.

Akatopa ankati, "Tiyeni tiwafunse akuluakulu." Ankaimba pa foni ya alamu anga a Rozina, mlongo wawo, amene ankathamanga nayo kukawapatsa bambo. Foniyo ankaiika pa tebulo kuti tonse tizimva.

"Bambo, mwadzuka bwanji?"

"Chifuwa chomwechi."

"Mvula ikugwa?"

"Yadula."

"Feteleza analandira a Rozina?"

"Analandira."

Zikatero tinkangomva nkhuku za kwa Dzoole zikulira mu foni. Kenako a Filipo ankakonza pakhosi.

"Bambo, tayankhani ichi. Wamtali uja wa nthawi yanu, ndi uyu watenga lamba chaka chino..."

"Wakaleyo."

"Aa, Bambo, simunamve n'komwe!"

"Ndamva. Wakaleyo. A masiku anowa ndi nkhuku zachizungu, zonenepera chakudya cha m'matumba. Maraundi khumi ndi awiri akuti tatopa. Akale ankamenya khumi ndi asanu, magolovesi ake opyapyala ngati masokosi."

A Yasini ankalowerera, tepi yoyezera ili m'khosi. "Madala, koma uyu wa lero mwamuona? Akulemera ngati ng'ombe ya ngolo!"

"Ndani ameneyo? Telala uja? Muuzeni asoke mabatani. Ng'ombe ya ngolo inayamba yamenyapo ndani?"

Pamenepo mkangano unkayaka, mpaka mayunitsi kutha. Ankakangana za kutalika kwa mkono, za amene ali ndi chibwano cholimba, za amene angatope msanga. A Mbewe ankatsokomola pakati pa mawu koma osasiya. Sindinamvepo akupereka chipambano kwa wa masiku ano, ngakhale kamodzi. Ndipo sindinamvepo akufunsa kuti, "Nanga iweyo ntchito ikuyenda bwanji?" A Filipo nawonso sankanena. Zaka zonsezo bambo ndi mwana ankakambirana za anthu a ku Amereka amene sankadziwa n'komwe kuti ku Dowa kuli mudzi. Foni ikaduka, a Filipo ankakhala pa bedi akuyang'ana manja awo.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Bambo a Tadala, mumatengera aliyense. Nanga kamenyedwe kanu inuyo n'kotani?"

Anati, "Kanga? Palibe anakafunsapo."

Ndinakaona kamodzi kokha. Panali katswiri wina wachinyamata, wa komweko, wamwano. Ankawaitana a Filipo ndi dzina lija amatitchula alendofe. Tsikulo belu litalira kale, a Filipo atatsitsa manja n'kutembenuka, mnyamatayo anawamenya kunkhongo. Anthu anaseka. Ine ndinali pafupi ndi chikolopa changa. Belu litaliranso ndinaona kuti amuna anga aima mwina. Sanali wamtali, sanali wamfupi, sanali aliyense wa mu foni. Anaima phee, mapazi onse pansi, phewa lamanzere patsogolo, ngati munthu akukankha chitseko cholimba. Mnyamatayo anabwera ndi ukali. Iwo sanathawe. Analandira chibakera pa phewa, china pamphumi, n'kusuntha phazi limodzi kumanzere, pang'ono chabe. Kenako lamanzere linalowa pansi pa mtima, lalifupi, ngati sanaponye. Mnyamatayo atapinda, lamanja linachokera pansi. Ndinamva phokoso lake ngati dzungu lagwa pa denga. Katswiriyo anakhala pansi, miyendo tambalale, akuyang'ana uku ndi uku ngati wadzuka m'nyumba ya eni.

A Filipo anawerama, n'kumudzutsa, n'kumupepesa.

Anawaimitsa ntchito milungu ingapo. Kenako anawaitananso, chifukwa wina wosagwa sanamupeze. Palibe anajambula tsikulo. Lamulungu lotsatira ndinati, "Awuzeni bambo." Anapukusa mutu.

"Anena kuti ameneyo ndi wa masiku ano. Sizowerengera."

Matenda anayamba ndi mutu. Kenako ankaiwala mawu, n'kumaloza chinthu ndi chala. Tiyi ankatayikira pa thalauza. Tsiku lina pa masewera a Lamulungu anaima pakati, n'kuiwala kuti ali uti mwa awiriwo. A Yasini anaseka poyamba, kenako anasiya, n'kuti, "Achimwene, khalani pansi, lero tiyeni tisewere bawo." Ine ndinkati tiyeni tizipita kwathu, tikalime. Iwo ankati chaka chamawa. Mawu amenewo tinawanena zaka zingapo, tonse awiri, chifukwa inenso mwezi ukatha ndinkaganiza za nsapato za Tadala n'kukhala chete. M'mawa wina anagwa akumanga zingwe za nsapato.

Kuchipatala anakhala masiku angapo. Madokotala anati magazi akutuluka m'kati mwa mutu. Nthawi zambiri ankangogona, koma masana ena anatsegula maso n'kundizindikira bwinobwino. Anafunsa za Tadala. Kenako anati, "Mayi a Tadala, mukakafika mukawafunse bambo." N'kunena funso lija, pang'onopang'ono, mawu onse omveka.

Ndinati, "Mukawafunsa nokha mukachira."

"Mukawafunse inu. Musakawalole ayankhe msanga. Aganize kaye."

Ndinavomera. Sanayankhulenso zomveka.

Amalawi anzathu anathandiza, ndipo thupi linabwera m'kangolo kokokedwa ndi galimoto. A Yasini anasoka nsalu yokutira bokosi, n'kutiperekeza mpaka pokwerera. Sananene nthabwala ngakhale imodzi. Ulendo wonse ndinkamva kangoloko kakugunda m'maenje kumbuyo kwanga.

Kumudzi ndinapeza zinthu zasintha. Tadala anabwera ku maliro ndi mayi anga, mtsikana wofika m'chiuno mwanga, ndipo atamuuza kuti apereke moni anati, "Muli bwanji anti?" Apongozi aakazi anali atamwalira ife tili ku Joni. A Mbewe, amene ndinawasiya akusenza belo la fodya okha, anali atatha. Mapewa okha ndi amene anatsala otambalala, malaya akulendewera ngati pa hang'ala. Pa maliro sanalire poyera. Anakhala pa mpando, manja aakulu aja ali pa mawondo.

Tsopano vuto langa linali ili. Kwathu kuno mtengwa sacheza ndi apongozi aamuna. Mukakumana pa njira umapatuka n'kugwada cham'mbali. Moni umapereka uli patali, nkhope utayang'ana kwina. Ukakhala ndi mawu umatuma munthu. Chikhalire pamudzi paja sindinayankhulepo nawo mawu opitirira moni. Mu foni muja ndinkamva mawu awo Lamulungu lililonse, koma iwo anga sankawamva. Ndiye ine, mkazi wamasiye, mutu wometa, ndikayambe bwanji kuwafunsa za nkhonya?

Ndinayesa kutuma a Rozina. Tinali kusenda mtedza pakhonde.

"Alamu, achimwene anu anasiya mawu opita kwa bambo."

"Mawu anji? Za katundu?"

Nditawauza anasiya kusenda. "Alamu, mwapenga? Nkhonya zomwezo ndi zimene zawapha achimwene. Mukufuna ndikawauze bambo kuti chiyani? Anthu akunena kale kuti ndi iwo anawaphunzitsa. Mukufuna muwaphe nawonso?"

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza munthu wodwala mutu. Zisiyeni."

Sindinawaone ngati olakwa. Ndi iwo ankawaphikira, ndi iwo ankawamva akutsokomola. Ndinakhala chete miyezi yonse ya maliro. Ndinkawaona a Mbewe masana atakhala m'chigafa chopanda fodya, ndipo Lamulungu tikachoka ku tchalitchi ankayang'ana kwa a Rozina ngati akudikira kuti abwera ndi foni. Ine ndinkadutsa patali ndi ndowa yanga.

Linafika tsiku londisudzula. Ndi mwambo umene abale a mwamuna amamasula mkazi wamasiye kuti abwerere kwawo. Alongo anga anabwera kuchokera ku Ntchisi ndi njinga yamoto kudzanditenga, ndipo ankhoswe a mbali zonse anasonkhana pabwalo pafupi ndi chigafa chija. Amuna pa mipando, ife amayi pa mphasa. Ndinkadziwa kuti ndikachoka tsiku limenelo, ine ndi a Mbewe mwina tidzaonananso pa maliro a mmodzi wa ife. Ankhoswe anayankhula bwino. Anati ndinasunga mwana wawo kudziko la eni, ndinabwera naye, ndalira mokwanira. Anati kuyambira lero ndine womasuka, pakhomo pano palibe chondimanga, Tadala yekha ndiye azibwera kudzaona agogo ake.

Anthu anaomba m'manja. Alongo anga anayamba kumangirira chikwama changa pa njinga. Ine sindinadzuke. Ndinakwawa ndi mawondo kufika kumapeto kwa mphasa.

"Pepani akuluakulu. Mwati ndamasuka?"

Ankhoswe anati, "Mwamasuka, mayi."

"Ndiye kuti pano tsopano ndine mlendo. Mlendo amaloledwa kufunsa mwini mudzi. Ndili ndi mawu a malemu opita kwa bambo awo."

A Rozina anandikoka chitenje. "Alamu!"

A Mbewe anakweza dzanja. "Rozina, asiye. Nenani, amayi."

Ndinanena funsolo monga ndinalilandirira, osawonjezera. Onse anamva. Mkulu wina anati "Aa!" Wina anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. A Mbewe anatsegula pakamwa nthawi yomweyo, ndipo ine ndinafulumira.

"Anatinso musayankhe msanga. Muganize kaye."

Anatseka pakamwa. Anakhala nthawi, akuyang'ana pansi. Kenako anati, "Ndiganiza bwanji? Ine sindinamuonepo. Ndinamuona ali kamnyamata akumenya thumba. Ali wamkulu ankamenya bwanji?"

"Ntchito yawo inali yotengera ena. Kamenyedwe kawokawo ndinakaona kamodzi."

"Ankaima bwanji?"

Ndinayesa kufotokoza ndi pakamwa, mawu osapezeka. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo zinthu zimenezi mayina ake sindiwadziwa. Ndiye ndinaimirira. Ndinamanga chitenje molimba, n'kuponda mapazi onse pansi, phewa lamanzere patsogolo, zibakera m'mwamba. Amayi anzanga anabisa nkhope. Alongo anga anati, "Mlongo, n'chiyani chimenechi pamaso pa anthu?"

A Mbewe anagwira mzati wa chigafa n'kuimirira. Anasiya ndodo. Anaima patali ndi ine, mtunda woti ngolo ikhoza kudutsa pakati, n'kukweza manja awo. Ataika chibwano pansi ndinaona munthu amene ankanenedwa ku migodi uja.

"Ine ndinkayamba ndi lamanzere, kawiri, kumaso. Chonchi. Iye akanatani?"

"Akanalandira pa phewa. Sankabwerera m'mbuyo."

"Osabwerera? Chitsiru. Ndiye lamanja langa likanamupeza pamphumi."

"Linkawapeza. Sankagwa."

"Hmm." Anasuntha pang'ono, akupuma movutika. "Ndikanapita ku nthiti. Wamtali aliyense nthiti zimamuwawa. Chigongono ankachisunga pati?"

Ndinawaonetsa. Anayang'anitsitsa, mutu utapendekeka.

"Chimenecho ndinamuphunzitsa ine. Chabwino. Tsono ine ndalowa, ndili pafupi, ndikumenya. Iye akudikira chiyani?"

"Akudikira kuti mulemere kutsogolo."

Ndinasuntha phazi kumanzere, pang'ono, monga ndinaonera. Ndinaponya lamanzere lalifupi pansi pa mtima, kenako lamanja lochokera pansi. Ndinamenya mphepo chabe, koma a Mbewe anapinda thupi ngati chawakhudza.

"Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Phazilo. Bwerezaninso phazilo."

Anayesa okha kusuntha phazi lija, n'kutsala pang'ono kugwa, a Rozina n'kuwagwira mkono. Anawakankha pang'ono.

"Chimenechi sindinamuphunzitse ine. Anachitenga kwa ndani? Kwa wamfupi uja?"

"Ayi. Onse aja ndinkawadziwa. Ichi chinali chawo."

"Amene anamumenya nachoyo anatani?"

"Anakhala pansi. Anali katswiri wa lamba. Iwo anamudzutsa n'kumupepesa."

A Mbewe anatulutsa mawu ngati kuseka, n'kusanduka chifuwa. Anakhala pa mpando, anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa. Atapeza mpweya anayankhula ngati akuwerengera mbewu.

"Maraundi oyamba akanakhala anga. Ndinali wachangu kuposa iye, zimenezo asakane. Ndikanamutupitsa diso. Koma ine vuto langa, limene sindinauzepo munthu, ndinkatha mpweya. Fumbi la pansi lija linayamba kale kundidya. Ndinkamaliza anthu msanga chifukwa ndinkadziwa kuti ndikachedwa ndathera pomwepo. Ndikatopa ndinkalemera kutsogolo." Anaima kaye. "Ndiye nkhani ili apa. Akanafika raundi yachisanu ali chiimire?"

Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatiwire pamudzi paja.

"Inu munamuona, ine ayi. Nenani zoona, musandimvere chisoni, musamumverenso chisoni iyeyo."

Ndinaganiza za magazi aja ndinkakolopa, zaka zonse zija.

"Akanafika. Ndi chimene ankawalembera ntchito."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye wandimenya. Raundi yachisanu ndi chimodzi, ndi chibakera chimenecho. Wandimenya mwana ameneyu." Anatembenukira kwa akuluakulu anzawo, mawu atakwera ngati a mu foni muja. "Mwamva inu? Ine sanandigwetsepo munthu! Rozina, tenga foni, umuuze kuti..."

Anaima pomwepo. A Rozina anali atayamba kale kupisa dzanja m'chitenje. A Mbewe anayang'ana dzanja limenelo, kenako anaphimba nkhope ndi manja awo aakulu aja. Kulira kumene sanalire pa maliro analira tsiku limenelo, pamaso pa ankhoswe, ndipo amuna anzawo anayang'ana kumbali.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Njira yopita ku Ntchisi imadutsa m'mphepete mwa msitu wa manda a mudziwo. Kumanda munthu sulowa wekha popanda maliro, makamaka ife amayi. Ndinagwira alongo anga pa phewa kuti aime, n'kuwapempha azimitse njinga. Ndinatsika n'kuima mu msewu, moyang'ana mitengo.

"Bambo a Tadala, ndawafunsa. Anaganiza kaye. Akuti mukanapambana inu."

Ndinadikira pang'ono. Kenako alongo anga anati kunja kukutha ndipo mapiri akadali patali, ndiye ndinakwera.